Kusankha mbewu ya mbuliwuli kuno ku Joni: zokolola ndi kaphulikidwe ziziyendera limodzi

Ambiri amene tili kuno ku Johannesburg tinakulira m'munda wa chimanga, ndipo kusankha mbewu tinaphunzira kwa makolo: chitsononkho chachikulu, chodzaza mpaka kunsonga, cha njere zikuluzikulu, ndicho chosunga. Pa chimanga cha nsima njira imeneyi ilibe vuto. Koma mukaitsata pa mbuliwuli kwa zaka zingapo, matumba adzachuluka ndithu, pamene mumphika mudzayamba kutsala njere zambiri zosaphulika, ndipo zophulikazo zidzakhala zazing'ono, zolimba pakamwa. Mbewu imakhala yabwerera pang'onopang'ono ku chimanga wamba, mwini wake osazindikira.

Malangizo awa ndi a inu achimwene ndi achemwali amene muli ndi kachigawo ka munda m'mapuloti a ku Walkerville, Muldersdrift, Bapsfontein kapena kwina kulikonse kozungulira mzindawu, ndipo mukufuna kukhala ndi mbewu yanuyanu ya mbuliwuli. Msika ulipo. Amene amakazinga pa geti la sukulu, pa renki ya mataxi, kapena opanga amakipkip, mbuliwuli wotsekemera wopaka mitundu, amagula njere pa kilogalamu koma amagulitsa pa kapaketi. Kwa iwo njere yabwino ndi imene kilogalamu imodzi idzadze mapaketi ambiri. Choncho muyeso wa mbewu yanu si makilogalamu okha ayi. Ndi malita a mbuliwuli wophulika amene mzere umodzi wa munda wanu ungatulutse.

Zimene zimachitika m'kati mwa njere

Tengani njere imodzi ya mbuliwuli ndi ina ya chimanga cha haibulidi wamba, muzidule pakati ndi lezala. M'chimanga wambacho mupeza ufa woyera wofewa wochuluka, wofika mpaka pamutu pamene njere inalowa m'kati pouma. Njere ya mbuliwuli pafupifupi yonse ndi yolimba, yonyezimira, ndipo ufa wofewa ndi kadontho chabe pafupi ndi mtima. Amayi kumudzi chimanga cholimba amachitcha chokonoka bwino. Mbuliwuli ndiye mathero a kulimba kumeneko.

Njere ikagwira moto, madzi amene ali m'kati amatentha koma alibe potulukira, chifukwa khungu lake ndi lokhuthala komanso lolukana bwino. Ufa wolimba uja umafewa n'kukhala phala. Kutentha kukafika pafupifupi madigiri 180, mphamvu ya nthunzi m'katimo imakhala yoposa kanayi mpweya wa m'tayala la galimoto, khungu limang'ambika, phala lija limafufuma n'kuuma nthawi yomweyo. Zinthu zitatu ndiye zimagamula kukula kwa mbuliwuli: kulimba kwa khungu, kuchuluka kwa ufa wolimba, ndi chinyezi cha m'njere. Ziwiri zoyambazo ndi zamumtundu, ndipo ndi zimene mukusankha. Chachitatu chili m'manja mwanu, ndipo mukachilekerera chimakunamizani poyesa ziwiri zija.

Khungu lili ndi mbali ziwiri. Lokhuthala limaphulitsa bwino, koma ndi lomwelo limene limakanirira m'mano. Mitundu ya njere zing'onozing'ono imakhala ndi khungu losavutitsa pakamwa. Mulawe nthawi zonse, musangodalira manambala.

Chifukwa chake zokolola ndi kaphulikidwe zimakokanakokana

Oswetsa mbewu m'maiko osiyanasiyana apeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: mitundu ya mbuliwuli yobereka kwambiri kawirikawiri imaphulika mochepa, ndipo yophulika kwambiri imabereka mochepa. Chifukwa chake sichovuta kumva. Njira yapafupi imene chimanga chimawonjezerera kulemera ndi kukulitsa njere ndi kuchulukitsa ufa wofewa, ndipo ufa wofewa suphulika bwino. Nthunzi imangodutsa m'mipata yake osafufumitsa kanthu. N'chifukwa chake mbuliwuli, ngakhale wosamalidwa bwino, amabereka pafupifupi theka la zimene chimanga cha nsima chimabereka pa malo omwewo. Musadandaule nazo, ndipo musayese kufikira matumba a haibulidi wa aneba anu. Mtengo wa kilogalamu ndiye umalipira kusiyanako.

Pa msika wa mbuliwuli kukula kwa njere amawerenga pa magalamu 10. Njere 52 mpaka 67 ndi zazikulu, 68 mpaka 75 ndi zapakati, 76 mpaka 105 ndi zazing'ono. Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu ndi yokwanira kuti mudziwe pamene mbewu yanu ili. Ife timalangiza kukhala pakati, kapena kutsikirako pang'ono ku zazing'ono. Ngati chaka ndi chaka chiwerengerocho chikutsika, kuchoka pa 75 kufika pa 60 kenako 50, dziwani kuti dzanja lanu likukondera njere zazikulu, kapena mungu wa chimanga china walowa.

Pali kusiyana kwina kofunika kwambiri pa kayendetsedwe ka ntchito yonse. Kaphulikidwe kamatsata makolo mokhulupirika: mukakwatitsa mtundu wophulika bwino ndi wophulika mochepa, ana ake amagwera pakati, ndipo chitsononkho chophulika bwino chimabala ana ophulika bwino. Zokolola sizitero. Zimasintha ndi mvula, chonde, kupalira, ngakhale malo amene phesi laima mumzere. Phesi limene lili pa chulu kapena pamene panatayidwa manyowa limaoneka ngwazi pamene mtundu wake ndi wamba. Tanthauzo lake ndi lakuti kaphulikidwe mungayese pa chitsononkho chimodzichimodzi n'kukhulupirira zotsatira, koma zokolola muyenera kuyesa pa mizere yathunthu, yobwerezedwa malo awiri kapena atatu.

Zoyang'ana m'munda

Popeza kukulitsa njere kumaononga kaphulikidwe, zokolola muzifune kudzera m'makhalidwe amene amachulukitsa njere osazikulitsa, ndi amene amateteza zimene zabereka kale.

Choyamba ndi kubereka ana awiri. Mbuliwuli mwachibadwa amakonda kubereka zitsononkho zoposa chimodzi pa phesi, ndipo khalidwe limeneli limayendera limodzi ndi zokolola popanda kukhudza ufa wa m'njere. Koma samalani: phesi la m'mphepete mwa munda, kapena loyandikana ndi phando logwelula, limabereka awiri chifukwa cha danga basi. Sankhani lokhalo limene lili ndi anzake mbali zonse ziwiri koma laberekabe awiri odzaza. Mwana wachiwiri wa njere khumi zobalalika samawerengedwa.

Chachiwiri ndi kutalika kwa chitsononkho ndi kudzaza kwake mpaka kunsonga. Chitsononkho chachitali chimawonjezera njere pa mzere uliwonse. Chonenepa kwambiri nthawi zambiri chimabwera ndi njere zazitali zofewa, ndiye pakati pa chachitali ndi chonenepa, tengani chachitali.

Chachitatu, chimene ife timachiona kuti ndi chachikulu kuposa zonse kuno ku Highveld, dera lokwera limene kuli Johannesburg, ndi kuima kwa phesi. Mbuliwuli ali ndi phesi lopyapyala ndi mizu yochepa poyerekeza ndi chimanga cha nsima. Mvula ya kuno ya m'chilimwe imabwera masana ndi mphepo yamkuntho, nthawi zina ndi matalala, ndipo munda wa mbuliwuli wofooka umagona wonse tsiku limodzi. Chitsononkho chogwa pansi chimaola, chimadyedwa ndi makoswe ndi chiswe, ndipo chotsalacho chimaphulika moipa. Chimanga chikayamba kuuma, yendani mumzere n'kumakankha phesi lililonse ndi dzanja cha pachifuwa mpaka lipendame, kenako lisiyeni. Lobwerera ndi labwino. Lothyoka kapena lozuka musatengepo mbewu, ngakhale litabereka motani. Finyaninso phesi ndi zala pa mfundo yachiwiri kuchokera pansi: ngati likuphwanyika ngati muli mphako, laola m'kati. Yang'anani pamene mwana wamera. Akhale cha pakati pa phesi kapena kutsikirako pang'ono. Mwana wokwera kwambiri amalemetsa phesi kumtunda ndipo mphepo imaligwetsa msanga.

Makoko akhale otalika kupitirira nsonga ya chitsononkho komanso omata. Nsonga yoonekera imaitana mbalame, anankafumbwe amene amalowa chimanga chikadali kumunda, ndi madzi a mvula amene amabweretsa chuku. Njere yoboola kapena yokandika khungu siphulika, chifukwa nthunzi imapeza potulukira. Pa chifukwa chomwechi mbozi za kapuchi, komanso ntchemberezandonda za mtundu watsopano zimene zinafika ku South Africa kumayambiriro kwa 2017, zimaononga mbuliwuli kawiri: zimachepetsa kulemera komanso zimatsitsa kaphulikidwe.

Masamba nawo muziwaona kuyambira nthawi ya ngayaye. Chiwawu chimene chimapanga mabala aatali otuwa, dzimbiri la timadontho tofiirira, ndi timabala tamakona totsata mitsempha ya tsamba, zonsezi zimapezeka m'minda ya chimanga ya dziko lino. Masamba akauma msanga njere zimakhala zosakhwima, zopepuka, za ufa wofewa wambiri. Phesi limene masamba ake apamwamba akadali obiriwira pamene anzake apsa ndi matenda, limangeni kansalu kofiira. Chitsononkho chokhala ndi chuku choyera choyambira kutsinde, kapena chofiirira pakati pa njere, chitayeni kutali, musadye ndiponso musapatse nkhuku.

Nthawi ya ndevu ndi ngayaye ndi chizindikiro china chimene ambiri sachilabadira. Phesi labwino limatulutsa ndevu pasanathe masiku 2 kapena 3 ngayaye itayamba kugwetsa mungu. Limene ndevu zake zimachedwa sabata yathunthu, makamaka kukachita ng'amba, limabereka chitsononkho cha mipata. Ndipo mtundu wonse ukhale wocha chisanu chisanagwe. Johannesburg ili pamtunda wa mamita opitirira 1,700, usiku kumazizira, chimanga chimakula pang'onopang'ono kuposa ku Salima kapena ku Nsanje, ndipo chisanu choumitsa mbewu chingagwe mu May, zaka zina kumapeto kwa April. Njere yogwidwa ndi chisanu isanakhwime siphulika bwino ngakhale mutaisamala bwanji.

Kuyesa kaphulikidwe

Apa ndi pamene ntchito imapindulira kapena kuonongekera, ndiye tikhalapo pang'ono.

Kololani njere zitakhwima. Chizindikiro chake ndi kadontho kakuda pamene njere inagwirana ndi chitsononkho. Kandani ndi chala kutsinde kwa njere mudzakaona. Chitsononkho chilichonse chosankhidwa chilowe m'kathumba kake ka pepala kolembedwa nambala. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo, osati pa malata kapena pa simenti yotentha ndi dzuwa. Kuuma mofulumira kumang'amba njere m'kati, ndipo ming'alu imeneyi mungaione mukaunika njere ndi tochi ya foni. Tonolani ndi manja. Kumenya chimanga m'thumba ndi ndodo kumakanda khungu la njere, ndipo mbuliwuli wotero wataya kale mtengo wake. Njere za kunsonga ndi za kutsinde, zimene zimakhala zosiyana kukula, muzichotse, muyese zapakati zokha.

Chinyezi choyenera kuphulitsira ndi 13.5 mpaka 14 peresenti. Chikatsika kufika pa 11, njere zambiri zimangong'ambika pang'ono kapena kupserera. Chikakwera kupitirira 16, khungu limang'ambika msanga ndipo mbuliwuli amatuluka waung'ono, wotafunika ngati wosapsa. Vuto la kuno ndi kuuma. M'miyezi ya June, July ndi August mpweya wa ku Joni ndi wouma kwambiri, ndipo njere zosiyidwa poyera zimauma kupitirira muyeso. Mukayesa zitsononkho zosiyana chinyezi, mudzataya mbewu yabwino chifukwa choti inali pafupi ndi zenera.

Njira yotsika mtengo yofananitsira chinyezi ndi ya mchere. Pezani ndowa ya pulasitiki yotseka bwino. Pansi pake ikani mbale ya madzi osungunulira mchere wa kukhitchini wochuluka, mpaka mchere wina utsale pansi osasungunuka. Pamwamba pa mbaleyo ikani sefa kapena waya, n'kusanjikapo timatumba ta pepala ta njere, tosakhudza madzi. Tsekani. Madzi a mchere oterewa amasunga chinyezi cha mpweya wa m'ndowamo pa 75 peresenti, ndipo njere pazokha zimafika pafupi ndi 14 peresenti. Zisiyeni masabata awiri kapena atatu, mukumatembenuza timatumbato masiku angapo alionse. Chofunika kwambiri n'chakuti zonse zikhale m'ndowa imodzi kwa nthawi yofanana, pamodzi ndi kathumba ka mbuliwuli wogula m'sitolo wodzayerekezera.

Ngati muli ndi kamakina koyezera chinyezi, mungawerenge madzi owonjezera pa njere zambiri. Chotsani chinyezi chimene chilipo pa chimene mukufuna, chulukitsani ndi kulemera kwa njere, kenako gawani ndi 100 kuchotsapo chinyezi chofunikacho. Kilogalamu imodzi ya njere za 11 peresenti yoti ifike pa 14 imafuna 1,000 kuchulukitsa ndi 3 kugawa ndi 86, amene ndi mamililita pafupifupi 35. Thirani m'botolo lotseka, khutchumulani m'mawa ndi madzulo, ndipo dikirani masiku osachepera 4 kuti madziwo alowe mpaka m'kati.

Poyesa penipeni, yezani magalamu 30 kuchokera pa chitsononkho chilichonse. Ngati zitsononkho ndi zazing'ono, yezani 20, bola zonse zifanane ndipo mbewu yodzala itsale. Werengani njerezo musanakazinge. Ikani m'kathumba ka pepala kakhaki, pindani kukamwa kawiri, lowetsani mu microwave popanda mafuta. Nthawi yake ipezeni poyamba ndi mbuliwuli wogula m'sitolo: zimitsani pamene kuphulika kwayamba kutalikirana masekondi 2 kapena 3, lembani nthawiyo, ndipo muigwiritse ntchito pa zonse. Kawirikawiri imakhala mphindi ziwiri kapena kupitirirako pang'ono. Makina akhale amodzi omwewo, kathumba kaikidwe malo amodzi omwewo, ndipo muzipumitsa makinawo mofanana pakati pa mayeso. Amene alibe microwave angagwiritse ntchito mphika umodzi wokhuthala pansi, mafuta oyezedwa mofanana, ndi moto wosasinthasintha, ngakhale zotsatira zake zimabalalika kwambiri.

Khuthulani mbuliwuli mu jagi yoyezera ya malita 2, osatsindira, osagwedeza kupitirira kamodzi. Gawani mamililita ndi magalamu. Magalamu 30 akapereka mamililita 900, kaphulikidwe ndi 30. Pansi pa 20 ndi mbewu yosauka. Cha m'ma 30 ndi yabwino kugulitsa. Mahaibulidi apamwamba a makampani amafika 40 ndi kupitirira. Kenako werengani njere zosaphulika zotsalira pansi, ndipo lembani maonekedwe: wotambasula mapiko, amene amatchedwa gulugufe, kapena wobulungira, amene amatchedwa bowa. Wa gulugufe ndi wofewa, amadzaza paketi, ndipo ndi woyenera kuthira mchere. Wa bowa saphwanyika potakasa mu shuga wotentha, n'chifukwa chake opanga mbuliwuli wotsekemera ndi wopaka mitundu amaufuna. Ganizirani msanga amene mudzamugulitse, chifukwa kusankha mitundu yonse iwiri mu mbewu imodzi kumabala chinthu chosakondweretsa aliyense.

Tsiku lililonse loyesa, yesaninso mbuliwuli wa m'sitolo uja amene anakhala m'ndowa limodzi ndi njere zanu. Ndiye mboni yanu. Nambala ya lero ndi ya mwezi wamawa sizingafanane ndendende, koma kusiyana kwa mbewu yanu ndi mboniyo kumakuuzani zoona.

Tsopano phatikizani ziwirizo. Tiyerekeze kuti mzere wa mamita 5 wapereka makilogalamu 1.4 ndipo kaphulikidwe kake ndi 24. Chulukitsani: malita 33.6. Mzere wina wapereka makilogalamu 1.1 okha koma kaphulikidwe ndi 36: malita 39.6. Pa sikelo woyambayo wapambana, koma kwa wokazinga wachiwiriyo ndiye ali ndi ndalama. Dziikireninso malire: mzere uliwonse wophulika pansi pa muyeso umene mwasankha, tinene 28, utuluke ngakhale malita ake atachuluka chifukwa cha kulemera. Popanda malire amenewa masamu angakubwezereni ku chimanga cholemera chosaphulika.

Ndondomeko ya zaka zitatu

Mbewu yoyambira ikhale yosakanikirana mokwanira kuti mukhale ndi chosankha. Njere za mbuliwuli zogulitsidwa m'masitolo zambiri zimamera, koma ndi ana a haibulidi, ndiye m'munda zimatuluka zosiyanasiyana: zina zazitali, zina zazifupi, ndipo zokolola zimatsika poyerekeza ndi kholo lake. Kwa mlimi wofuna phindu la chaka chomwecho limeneli ndi vuto. Kwa wosankha mbewu ndi poyambira. Kusakaniza mitundu iwiri kapena itatu ya mbuliwuli wophulika bwino kumapatsa maziko otakasuka.

Chaka choyamba dzalani mapesi osachepera 400. Nthawi yabwino kuno ndi kuyambira pakati pa October mpaka kumapeto kwa November, nthaka itanyowa bwino. Kupitirira pakati pa December mukupikisana ndi chisanu. Ngati muli ndi madzi othirira, mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando monga mwa sasakawa, zimene zimapereka mapesi pafupifupi 53,000 pa hekitala. Podalira mvula yokha, tambasulani kufika masentimita 90 ndi 30. Njere ndi yaing'ono ndipo imamera mofooka, choncho musakwirire kupitirira masentimita 4 kapena 5, ndipo palirani msanga. Feteleza wokulitsa monga 2:3:2 alowe podzala, wobereketsa wa LAN chimanga chikafika m'mawondo. Musapyoze muyeso wa wobereketsa: phesi limatalika, limafewa, n'kugwa. Munda wonse uthiridwe mofanana kuti kusiyana kumene mukuona kukhale kwa mtundu. Kumbukiraninso kuti mbuliwuli sapirira mankhwala ophera udzu a glyphosate amene chimanga chambiri cha m'mafamu a kuno chimapirira, ndiye wopopera pafupi nanu adziwitsidwe.

Mangani nsalu pa mapesi pafupifupi 100 okwaniritsa zimene tafotokoza. Pokolola tayani oola ndi a mipata, yesani kaphulikidwe ka zitsononkho 60 kapena kuposa, ndipo sungani 20 mpaka 25 zopambana.

Chaka chachiwiri, chitsononkho chilichonse chikhale ndi mzere wake wa mamita 5, ndipo mzerewo ubwerezedwe mbali ina ya munda m'dongosolo losiyana, kuti pasakhale banja (mapesi ochokera ku chitsononkho chimodzi) limene lapatsidwa malo achonde kawiri. Kuzungulira munda dzalani mizere yotchinga imene simudzaiyesa. Theka la njere za chitsononkho chilichonse lisadzalidwe, lisungidwe m'botolo ndi nambala yake. Lembani tsiku la ngayaye ndi la ndevu, mapesi ogwa, mapesi obereka awiri, matenda. Pokolola yezani kulemera njere zitauma mofanana, yesani kaphulikidwe, werengani malita. Sankhani mabanja 8 mpaka 10.

Chaka chachitatu bwererani ku mabotolo aja. Tengani njere zofanana chiwerengero kuchokera ku mabanja opambanawo, sakanizani, dzalani pamalo paokha kuti zikwatirane. Chifukwa chogwiritsa ntchito njere zosungidwa ndi chakuti zokololedwa m'mizere yoyesera zinalandira mungu kuchokera ku mabanja onse, olephera omwe. Zimene mudzakolole chaka chachitatu ndiye mbewu yanu yatsopano, yodzala pa malonda komanso yoyambira ulendo wina wosankha.

Chimene chimakopa kwambiri ndi kusunga zitsononkho ziwiri kapena zitatu zokha zimene zaposa zonse. Musatero. Chimanga chikamakwatirana pachibale chimafooka: mapesi amafupika, zitsononkho zimachepa, ndipo patatha zaka zochepa zokolola zimagwa kuposa pamene munayambira.

Mungu wachilendo

Chimanga chimatenga mungu wouluka ndi mphepo, ndipo kuzungulira Johannesburg minda ya chimanga ili paliponse. Mungu wa chimanga cha nsima ukagwera pa ndevu za mbuliwuli, ufa wa m'njere umasintha chaka chomwecho, ndipo mbewuyo ikadzalidwa kuonongekako kumafalikira. Pa mbuliwuli woyera mungazindikire msanga ngati mungu unali wa chimanga chachikasu, chifukwa njere zachikasu zimaoneka pakati pa zoyera. Pa wachikasu simuona kanthu mpaka mumphika. Talikirani mamita 400 kuchokera ku chimanga china, kapena siyanitsani nthawi yodzala kuti ngayaye zisiyane masabata 3 mpaka 4.

Mitundu yambiri ya mbuliwuli ili ndi chitetezo chachibadwa chimene akatswiri amachitcha Ga1: ndevu zake zimakana mungu wa chimanga wamba. Si mitundu yonse, ndiye yesani yanu. Phimbani ana a mapesi 10 ndi timatumba ndevu zisanatuluke, ndevu zikatuluka thiranipo mungu wa chimanga cha nsima, phimbaninso. Zitsononkho zikatuluka zopanda njere kapena za njere zowerengeka, chitetezo chilipo. Zikadzaza, dalirani mtunda kapena manja anu.

Kukwatitsa ndi manja kumayenda motere. Mwana aphimbidwe ndevu zisanaoneke. Ndevu zikatuluka, madzulo dulani nsonga yake pang'ono ndi mpeni woyera kuti mawa zimere zofanana, n'kuphimbanso. Madzulo omwewo mangani matumba a pepala pa ngayaye za mapesi abwino angapo. M'mawa mame atauma, cha m'ma 9 mpaka 11 koloko, gwedezani ngayaye m'matumbamo, sakanizani mungu wa mapesi onsewo, thirani pa ndevu, phimbani nthawi yomweyo. Mungu suchedwa kufa padzuwa, ndiye musayende nawo mtunda. Matumba a pulasitiki amachita thukuta n'kuupha. Ndipo musathire mungu wa phesi pa mwana wake yemwe, pokhapokha ngati cholinga chanu ndi kupanga makolo a haibulidi, imene ndi ntchito ya zaka zambiri yofuna malo ndi ndalama.

Ena amafuna kulimbitsa phesi la mbuliwuli pokwatitsa ndi chimanga chamakolo chokonoka. N'zotheka, ndipo chimanga cholimba ndi chabwinopo pa ntchitoyi kuposa chofewa, koma ana oyamba adzaphulika moipa kwambiri. Muyenera kuwabwezera kwa mbuliwuli kawiri kapena katatu. Kubwezera koyamba kumafikitsa magazi a mbuliwuli pa 75 peresenti, kwachiwiri pa 87.5, ndipo pa m'badwo uliwonse muziyesa mumphika n'kusunga okhawo ophulika bwino amene atenganso phesi lolimba. Chifukwa cha chitetezo chija, mbuliwuli akhale wopereka mungu, chimanga chinacho chikhale cholandira. Mbewu yochokera ku Malawi imafuna chilolezo cholowetsera m'dziko lino ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndiye musaitumize mobisa m'katundu wa pa basi. Mukafuna uphungu wa matenda ndi mitundu yoyenera dera lanu, bungwe la boma lofufuza za mbewu za chimanga la ARC lili ndi malo ake ku Potchefstroom.

Kusunga

Mbewu yodzala ndi njere zogulitsa zisungidwe mosiyana. Zogulitsa zikhale pa chinyezi cha 14 peresenti m'zotengera zotseka kuti zisapitirire kuuma. Yodzala ikhale youmirapo, 12 peresenti kapena kutsika, m'mabotolo a galasi otseka, pamalo ozizira ndi amdima, nambala yolembedwa kunja ndi pa kapepala m'kati. Mbewu youma bwino mungaiike mu freezer kwa sabata imodzi kuti anankafumbwe ndi mazira awo afe. Potulutsa musatsegule botolo mpaka litafunda, kuopa kuti chinyezi chingagwere pa njere. Mbewu yopakidwa mankhwala isayandikane ndi yodya.

Kukatsala masabata awiri kuti mudzale, werengani njere 100 kuchokera mu mbewu yosakaniza ija, kapena 20 pa banja lililonse ngati njere ndi zochepa, muzikulunge m'nsalu yonyowa pamalo ofunda. Pakatha masiku 7 werengani zomera. Zikachepera 85 pa 100, dzalani ziwiri pa phando n'kudzapatulira zikafika masamba atatu, kuti mizere yonse ikhale ndi mapesi ofanana chiwerengero poyesa zokolola.